Mwendo Wakumanja wa a Ngozo

Uthenga unafika Lachinayi masana ndili mu situdiyo, ndikuwongola nyimbo ya kwaya ina imene oimba ake aliyense ankathamangira kwawo. Nambala inali yachilendo. Unati: "Ndine Nangozo wa ku Kandeu, ku Ntcheu. Bambo anga akagonekedwa kuchipatala Lolemba. Akufuna ngoma yawo ijambulidwe asanapite, chifukwa pambuyo pake siidzamvekanso. Chonde bwerani Loweruka."

Ine ndine woimba ng'oma, komanso ndimajambula nyimbo za anthu. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikulandira mauthenga a pafoni, sindinaonepo munthu akudzivutitsa ndi kachizindikiro kapamwamba kaja aphunzitsi ankati nkhodolero. Ng'ombe amalemba ngombe, pang'ono amalemba pangono, ndipo tonse timamvana. Ndiye nditaona "ngoma" ndinakaikamo ndekha kachizindikiroko, monga mwa masiku onse. Ndinati ameneyu ndi mdala wa ng'oma yakale, ndipo ng'oma yakale vuto lake ndi chikopa. Lachisanu ndinakagula chikopa cha mbuzi, ndinapezanso phula, kuti ndikafike ngati munthu wodziwa ntchito.

Loweruka sikisi koloko m'mawa ndinali kudepoti ku Lilongwe ndi chikwama cha makina ojambulira, maiki zinayi, ndi chikopa chopindidwa m'thumba la feteleza. Minibasi ya ku Ntcheu inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Inakhala itatsala anthu awiri kwa ola lathunthu. Kondakitala analandira K15,000 yanga, kenako ananunkhiza thumba lija.

"Bigi, mbuzi imalipira."

"Mbuziyo inatsika kale. Latsalali ndi jekete lake."

Anaganiza kaye, n'kuona kuti mlandu wake ndi wautali, n'kupita kukaitanira ena.

Ndinakhala pafupi ndi mayi wina wonenepa bwino, wa duku la buluu, amene ankapita ku Balaka. Tisanafike n'komwe pa Nathenje anali atatsegula zenera, mphepo ya Ogasiti ikutimenya tonse.

"Bambo, m'thumbamo muli chiyani?"

"Chikopa, mayi."

"Mwini wake anamwalira liti? Chifukwa zikuoneka ngati mwambo wa maliro sunathe."

Ndinapepesa. Anavomera kupepesa kwanga koma zenera sanatseke.

Chimene chinkandizunza ine sichinali fungo. Inali sipika ya pansi pa mpando wa dalaivala, imene inali itang'ambika ndipo inkalira ngati muli chiwala m'kati. Anthu ena onse ankagwedeza mitu mosangalala. Matenda anga ndi amenewa, makutu. Ndinayamba ndili mwana ku Kawale, kuimba zitini za mafuta mpaka amayi anandibisira timitengo. Kenako ng'oma za kutchalitchi, kenako bandi ina imene inkaimba m'maukwati, mpaka tsiku lina wosamala mikisa, makina osakanizira mawu aja, sanabwere ndipo anandikhazika ine pamenepo poti ndi ine ndinkadandaula kwambiri. Sindinachokeponso. Lero ntchito yanga yaikulu ndi kuwongola anthu. Woimba ng'oma akachedwa pang'ono, ndimamukoka pakompyuta mpaka afike pa mzere. Akafulumira, ndimamubweza. Amachoka mu situdiyo akudzitama kuti dzanja lawo silinama, ine n'kumangoti zoonadi.

Ku Dedza kunali kuzizira kolowa m'mafupa. Pa lodibuloko wapolisi anatsegulitsa chikwama changa.

"Zimenezi n'chiyani?"

"Maiki, bwana."

"Zinayi? Mumalalikira?"

"Ayi, ndimamvetsera."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anayang'ana thumba la chikopa, n'kuganiza kuti limenelo salitsegula.

Pa Lizulu minibasi isanaime n'komwe, mazenera onse anadzaza ndi kabichi, karoti ndi mbale za kachewere. Ine ndinagula chimanga chootcha, chouma moti ndinachimva m'makutu. Mayi a duku la buluu anagula kabichi zikuluzikulu zitatu n'kuziika pa maondo anga osandifunsa. Ndinaona kuti ndi chindapusa cha chikopa, ndipo ndinazinyamula mpaka paboma.

Tinafika pa Ntcheu boma hafu pasiti teni. Ndinadya tchipisi cha pachiwaya nditaimirira, n'kumwera madzi a m'kajumbo, kenako ndinafuna kabaza wa njinga yamoto. Amene ndinagwirizana naye anali bambo wamkulu ndithu, wa ndevu za imvi, wovala majekete awiri. Anati ku Kandeu ndi K8,000, ndipo chikwama ndichibereke ndekha.

"Kandeu kwa ndani?"

"Kwa a Ngozo. Mwana wawo ndi a Nangozo."

"Oo, a Ngozo a ngoma aja! Amene akukawadula mwendo aja?"

Injini inali ikulira kale, ndiye makutu anga anangomva ng'oma. Apa m'pamene ndinadziwira chimene mdalayo akukagonera kuchipatala. Anandiuza tikuyenda, akukuwira kumbuyo, kuti ndi matenda a shuga, kuti bala linayambira pa chala ndipo lakana mankhwala onse. Ndinamva chisoni, komabe ndinkadzifunsa kuti mwendo ukukhudzana bwanji ndi ng'oma, poti timaimba ndi manja. Ndinaganiza kuti mwina ndi zija zopanira pakati pa miyendo.

Msewu wafumbi unali ndi mabampu oti munthu umawerenga mano ako. Tinkadutsa minda youma, milu ya mapesi, amayi atasenza nkhuni, ngolo ya ng'ombe imene inakana kupatuka. Pamalo ena osalala ndinapeza mpata wofunsa.

"Kodi ng'oma yawoyo ndi yaikulu?"

"Yaikulu zedi! Amuna khumi ndi awiri!"

Ng'oma yonyamula amuna khumi ndi awiri ndinali ndisanaionepo. Ndinaganizira kachikopa kanga ka mbuzi, ndipo kanayamba kundichepera.

Tinadutsa pamsika wa Kandeu dzuwa lili pamutu, n'kupatukira kanjira kopita kumudzi. Pakhomo panali posesedwa bwino. Anandilandira mayi wamtali, wa magalasi, wolankhula mawu aliwonse mpaka kumapeto kwake. Anali a Nangozo, ndipo sindinadabwe kumva kuti ndi mphunzitsi. Bambo awo anali pampando pansi pa mtengo wa mango, mdala wowonda wa mapewa otambalala, phazi lakumanja atalikulunga bandeji n'kulisanjika pa kampando. Chapatali amuna ankamanga zikopa m'chiuno ndi nthenga kumutu, ena akupukuta zishango. Amayi anali atakhala pamphasa.

Anandipatsa thobwa m'kapu yachitsulo. A Ngozo anafunsa mfunda wanga, ndinati Phiri, iwo anati palibe kanthu, si mlandu wanga. Titatha malonje ndinamasula thumba lija, n'kutambasula chikopa pansi, phula pambali.

"Bambo, tisanayambe, ndiione kaye ng'omayo. Ngati chikopa chatha, ndabwera nacho china."

Amuna aja anasiya kumanga nthenga. Mdalayo anayang'ana chikopa, anayang'ana ine, kenako mwana wawo.

"Ng'oma yanji?"

Ndinatulutsa foni kuti ndidziteteze. A Nangozo anailandira, n'kuwerenga uthenga wawo womwe mokweza, pang'onopang'ono, ngati pamaso pa kalasi.

"Ngoma. Ngo-ma. Gule. A Phiri, ine ndimaphunzitsa Chichewa Sitandade seveni. Ndikanafuna nkhodolero ndikanaika."

Abale, manyazi amene ndinamva! Gule wa ngoma ndimamudziwa, ndinamuonapo kangapo. Koma munthu ukakhala woimba ng'oma, mawu aliwonse umawakokera kwako. Amayi a pamphasa anaseka mpaka wina anagona chammbali. A Ngozo okha sanaseke.

"Ena masiku ano amaikamo ng'oma," anatero. "Gulu langa ayi. Ng'oma yathu ndi iyi mwakhalirayi." Analoza pansi ndi chibonga. "Choimbira chake ndi ichi." Analoza phazi la bandeji lija. "Mwendo wakumanzerewu ndi woyendera. Wa ngoma ndi wakumanja. Lachiwiri akuuchotsa. Ndikufuna muujambule."

A Nangozo anaika malamulo. Kuchipatala anawauza kuti phazilo lisaponde pansi, ndiye iwo alola nyimbo ziwiri zokha, osati zitatu.

"Akuopa kuti mwendowu uwonongeka," anatero mdalayo kwa ine. "Chinthu choti akukachitaya."

"Bambo!"

"Ndangonena."

Ndinaimika maiki zanga monga ndimachitira: ziwiri m'mwamba za oimba, imodzi kwa amayi owomba m'manja, ina chapansi kuloza kumapazi. Amuna awiri anawadzutsa a Ngozo n'kuwapatsa chishango. Ataima pakati pa mzere anatalika. Anayambitsa nyimbo ndi mawu okhuthala, m'chilankhulo chakale chija chimene ngakhale ena mwa oimbawo anandiuza kuti amangochiimba osachimva chonse. Amuna anavomera, amayi anayamba kuwomba m'manja. Kenako miyendo khumi ndi iwiri inakwera pamodzi, n'kutsika.

Di!

Ndinazimva m'mimba. Kapu yanga ya thobwa, imene ndinaisiya pansi, inanjenjemera. Nkhuku zinachoka pabwalo. Koma m'mahedifoni mwanga munkangomveka phwa, phwa. Ndinakweza, ndinatsitsa, ndinasuntha maiki ija ndi phazi. Phwa, phwa. Nyimbo inatha amayi akuimba nthungululu, ine thukuta lili kamukamu.

Anawakhazika pansi a Ngozo akupuma mwamphamvu, ndipo mdalayo anatambasula dzanja kufuna mahedifoni. Ndikanatha kunama kuti batire latha. Ndinawaveka. Anamvetsera maso ali pansi, mpaka pakati pa nyimbo.

"Mawuwa ndi athu," anatero. "Nanga akukuntha matumbawa ndi ndani?"

Palibe anaseka ulendo uno. Pa bandeji panali patatuluka kadontho kofiira, ndipo a Nangozo anali atakaona.

"Basi, zakwana. Bambo, mwavina, anthu aona."

"Munati ziwiri. Ndinu mphunzitsi, werengani."

"Taonani phazilo!"

"Ndikuliona. Kuliona ndiye ndimaliona." Anatembenukira kwa ine n'kutsitsa mawu. "A Phiri, phazi ili linasiya kumva nthaka nthawi ya dzinja. Ndikaponda ndimangoona fumbi, ndiye ndimadziwa kuti ndaponda. Ndimafuna ndilimveko kamodzi lisanapite. N'chifukwa chake tinakuitanani."

Kunena zoona, ndinachita mantha. Mu situdiyo munthu akalakwitsa timati tibwereze, ngakhale kakhumi. Apa panatsala nyimbo imodzi, ndipo wolakwitsa ndinali ine. Ndinaima pakati pa bwalo ndikuyang'ana maiki zanga zodula zija ngati zindiuza chochita.

"Vuto lanu ndi loti makutu anu mwawakweza m'mwamba," anatero a Ngozo. "Ngoma sitiimbira mbalame."

Ndinakumbukira kapu ya thobwa ija. Ndinapempha khasu.

Nthaka ya pabwalo lovinira ndi youma ngati simenti, ndipo ine khasu ndinaligwira komaliza ndili kusekondale. Nditatema kasanu, bambo wina wa nthenga kumutu anandilanda mwaulemu n'kumaliza dzenjelo, lakuya kufika m'chigongono, patsogolo penipeni pa malo a a Ngozo. Ndinatenga maiki imene ndimaika m'ng'oma yaikulu ya bandi, n'kuikulunga m'jumbo. Jumbo yokha inali yopyapyala, dothi likanaiphwanya. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndipo maso anga anagwera pa chikopa chija, chili pomwe ndinachitambasula, ntchentche zikuchichezera. Ndinakulungiramo maiki, kuika m'dzenje, kukwirira, n'kupondaponda. Waya yekha ndiye anatulukira kunja.

"Akudzala wailesi," anatero mayi wina pamphasa.

"Ikabereka mutigawireko mbewu," anayankha mnzake.

Kuti ndiyese, ndinavala mahedifoni n'kuponda ndekha pafupi ndi dzenjelo. Amuna aja anayang'anana.

"A Phiri, mukupha nyerere?"

Koma m'makutu mwanga munali mutamveka kanthu, kakang'ono, kochokera pansi. Ndinauza a Nangozo kuti ndakonzeka. Iwo anagwada, anamanga bandeji ina pamwamba pa yoyamba ija, anaimanganso kachiwiri ngakhale inali yolimba kale. Atadzuka anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Nyimbo yachiwiri inali yodekha kuposa yoyamba. A Ngozo anaiyamba maso atatseka. Amuna anavomera. Ine ndinagwada pafupi ndi makina, chala chili pa batani. Miyendo inakwera.

Itatsika, timagetsi ta makina tinafiira tonse, ndipo ndinatsitsa msanga. Kachiwiri zinakhala bwino. Munali nthaka yonse m'makutu mwanga, yolemera, ikuyankha. Ndaimba ng'oma zamitundumitundu moyo wanga wonse, koma yaikulu chotere ndinali ndisanaimvepo, ndipo wa kabaza uja sananame, inalidi ya amuna khumi ndi awiri. Koma khutu langa ndi lija lomwe. Pofika kuponda kwachisanu ndinali nditamva kuti phazi limodzi likutsika mochedwa pang'ono. Onse di, lina n'kubwera pambuyo pake, kachigawo kochepetsetsa, nthawi iliyonse. Linali la pafupi ndi dzenje.

Anavina mpaka kumapeto. Sanagwe, ngakhale amuna awiri a m'mbali mwawo anali atayandikira mosaonetsera. Atakhala pansi bandeji yatsopano ija inali itafiira, ndipo a Nangozo anangobweretsa beseni.

Ndinawaveka mahedifoni. Bwalo lonse linkayang'ana nkhope ya mdalayo, poti ndi yokhayo ikanawauza ngati wailesi yamera. Kwa kanthawi sinasinthe. Kenako chibonga chinayamba kugogoda pansi chokha.

"Ameneyo," anatero mokuwa, monga amachitira aliyense wovala mahedifoni. "Mukumumva wapambuyoyo? Ndi wanga ameneyo!"

Anamvetsera mpaka kutha, n'kunena kuti ndibwezere. Anamvetseranso. Misozi inkatsika m'masaya koma nkhope inali ya munthu amene akuwerenga ng'ombe zake n'kupeza zonse zilipo. Ine pofuna kuthandiza, ndinayankhula za ntchito yanga.

"Bambo, musadandaule za kuchedwako. Ndikakafika ku Lilongwe ndikalikoka phazilo pakompyuta, likagwera limodzi ndi anzake. Palibe adzadziwe."

Anavula mahedifoni.

"Mukalikoka?"

"Pang'ono pokha."

"Ndiye ine ndikalipeza bwanji?"

Iwo anapitiriza, akuloza amuna aja ndi chibonga.

"Komanso silinachedwe. Ndi anyamatawa amafulumira. Ndakhala ndikuwauza zaka makumi atatu."

Wamng'ono pa anyamatawo anali ndi imvi. Onse anavomera kuti zoonadi, amafulumira.

Tinafukula maiki ili bwinobwino. Nditafuna kukutumula chikopa kuti ndichibwezere m'thumba, a Ngozo anandiletsa.

"Chimenecho chisiyeni momwemo. Chakhala chikupempha kuikidwa m'manda chifikireni."

Tinachikwirira. Mayi a duku la buluu akanakhalapo akanakhutira kuti mwambo watha. Anatipatsa kachewere wophika wothira tomato, ndipo a Nangozo anandiperekeza mpaka pamsewu pomwe wa kabaza ankandidikira. Anandithokoza, kenako anandiuza kuti uthenga wanga wovomera kubwera unali ndi zolakwika zitatu, koma sanafune kunena pagulu.

Folo koloko ndinali pa njinga, faifi ndili paboma, ndipo minibasi yobwerera inali ndi sipika yong'ambika kuposa ya m'mawa. Lamulungu ndinatsegula nyimboyo pakompyuta. Phazi lija linkaoneka ndi maso, kamzere kakang'ono kotsalira kumbuyo kwa anzake, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dzanja langa linapita lokha kukaligwira, mwa chizolowezi. Ndinalibweza n'kulikhalira. Ndinatumiza nyimboyo ku foni ya a Nangozo momwe inalili, ndipo aka kanali koyamba pa ntchito yanga kutulutsa chinthu osawongola munthu. Ndinapita ku Kandeu kukakonza ng'oma imene kunalibe, ndipo chimene ndinabwerako nacho n'chakuti zina ukaziwongola, mwini wake amasowamo.

Lachitatu m'mawa uthenga unafika. Ndinauwerenga kawiri, osaonjezamo kachizindikiro kalikonse.

"Adula dzulo. Ali bwino. Foni yanga akukana kubweza. Aliyense wolowa m'wodi akumuveka m'makutu n'kumufunsa ngati akumumva wapambuyoyo."